Ndudu ya ku Havana ndi mabelo a amalume

Sabata yatha mnzanga wina wa geni, amene amakaoda katundu ku Joni n'kudzagulitsa pa msika wa Taifa, adandiitanira kunyumba kwake ku Katoto. Nditangokhala pansi adatulutsa kabokosi ka matabwa onunkhira, m'kati muli ndudu imodzi yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Ati imeneyi ndiye cigar, yochokera ku Cuba.

Ine ndidafuna kungoyatsa ngati chingambwe. Iye nkuti, "Achimwene, dekhani, imeneyi sasuta mothamanga." Adadula kansonga kake, n'kuwambika mbali inayo pa machesi pang'onopang'ono. Utsi wake sameza, amangousunga m'kamwa n'kuutulutsa. Poyamba ndidamva ngati mtedza wokazinga, pakati ngati dothi la mvula yoyamba, kumapeto kuwawa ngati tsabola. Pambali adaika khofi wa Mzuzu wopanda mkaka. Akuti chakumwa chizilingana mphamvu ndi fodyayo: fodya wofatsa amafuna khofi kapena tiyi, waukali amafuna ramu kapena burande wokhalitsa. Kachasu ayi, amaotcha lilime osamvanso kanthu.

Koma chimene chidandiwawa ine si tsabola uja ayi. Ndi mtengo. Ndalama imene mnzangayu adaperekera ndudu imodziyo imaposa imene amalume anga a ku Rumphi amalandira pa makilogalamu angapo a fodya wa bale. Zaka zaposachedwazi kilo imodzi pa okushoni yakhala ikugulidwa pa madola 2 mpaka 3. Cigar imodzi imalemera magalamu 10 mpaka 15 basi, koma ya dzina imapitirira madola 20. Ophunzira a ku Mzuni, tengani pensulo muwerengere nokha. Ine ndidasiyira panjira sukulu ya ukachenjede chaka chimene mabelo a amalumewo adabwezedwa kawiri konse, ndiye masamu amenewa ndimawadziwa ndi m'mimba momwe.

Kodi a ku Cuba ali ndi mankhwala anji? Palibe, koma kudekha. Tsamba la ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río, limauma m'chigafa pafupifupi masiku 50. Kenaka amaliunjika milu kuti litenthe lokha ndi kutulutsa ukali wake, nalisankha, nalimanga m'makungwa a kanjedza n'kulisunga chaka, zaka ziwiri, mwina kupitirira. Wopichira amatenga masamba a ntchito zitatu: a m'kati, lomangira, ndi lakunja losalala lija. Ngakhale wogula amapitiriza kuisunga m'bokosi la mkungudza wa kwawoko, chinyezi chili pafupifupi 70 peresenti, kuti isaume kapena kuchita nkhungu. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula cigar amalipira zaka zimenezo ndi dzina, monga Cohiba, imene idayamba mu 1966 ngati ndudu ya Fidel Castro ndipo idafika pa msika mu 1982.

Nanga ife? Fodya tidayamba kutumiza kunja mu 1893. Okushoni ya ku Limbe idatsegulidwa mu 1938, yathu ya kuno ku Mzuzu mu 1993. Alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale kuyambira mu 1990, atakhala zaka zambiri akungoonerera eni maesiteti. Zaka zonsezi ntchito yathu ndi imodzimodzi: kufesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kudinda belo, basi. Pamene tsamba liyamba kukwera mtengo m'pamene ife tatsanzikana nalo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wathu yense ndi wa pachala.

Wina anena kuti bale si fodya wa cigar. Zoona, mbewu zake n'zosiyana. Koma ku Italy amapichira ndudu zotchuka za Toscano ndi fodya wochizidwa ndi utsi wa nkhuni, m'bale wake wa chikopa chathuchi. Tsamba lokutira kunja la ku Cameroon amalilemekeza dziko lonse. Ku Maputo kampani ya Bongani idayamba kupichira ma cigar mu 2016, ndipo ku Harare ya Mosi-oa-Tunya idayamba mu 2020. Onsewo adaitana akatswiri a ku Dominican Republic kudzaphunzitsa anthu awo. Ndiye ife tikanike chifukwa chiyani, eti?

Musandimve molakwa. Sindikuti achinyamata ayambe kusuta ayi. Cigar ngakhale ivale lamba wagolide imabweretsa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, ndipo bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Dziko lathu lidalowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta mu 2023. Mu 2019 dziko la America lidatsekereza fodya wathu pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti. Tsogolo la fodya n'lokayikitsa. N'chifukwa chake phunziroli tilitenge msanga, tilipititsenso ku mbewu zina.

Umboni udali patebulo pomwepo. Khofi tidamwa uja adalimidwa ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, koma alimi ake, kudzera m'mgwirizano wa makopaletivu awo, amamukazinga, kumuika m'paketi ndi kulembapo dzina la mzinda wathu. Chimene khofi adatha, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, uchi ndi mtedza zingathenso.

Inu a geni, musamangonyadira kuoda za eni ku Joni ndi ku Dar es Salaam. Funsani chimene mungapite nacho chokonzedwa kale. Inu ophunzira, wina mwa inu aphunzire kuchiza ndi kusunga tsamba mpaka likome. A boma ndi a mabanki, ngongole ya miyezi 6 singathandize munthu wofuna kusunga katundu zaka ziwiri.

Nditawauza amalume pa foni mtengo wa ndudu ija, adakhala chete kanthawi. Kenaka nkuti, "Mphwanga, ndiye kuti ife timalimira anzathu." Ine ndidasowa chowayankha.