Batire limene a ndege amaliopa, inu mukugona nalo kumutu

Kodi usiku wathawu foni yanu inagona pati? Ambiri a ife kuno ku Metangula, ku Cobué ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja timaiika pansi pa pilo, m'kati mwa neti, ili pa power bank. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi tichisiye, ndipo chifukwa chake tiphunzire kwa anthu a ndege.

Mafoni, ma power bank ndi nyali zambiri zotchaja zili ndi mabatire a lithium. Batire lotere likaphwanyika kapena likatenthedwa kwambiri, limayamba kudzitenthetsa lokha m'kati mpaka kuyaka. Moto wake umatha kuyambiranso mutauzimitsa, ndipo utsi wake ndi wapoizoni.

Mu Januwale 2025, ndege ya Air Busan inapsa isananyamuke pa bwalo la ndege ku Busan, m'dziko la South Korea. Anthu onse 176 anapulumuka, koma ndegeyo inatha ntchito. Ofufuza anati motowo uyenera kuti unayambira pa power bank imene inali m'kabati ya katundu pamwamba pa mipando. Mu 2016, foni ya Samsung Galaxy Note 7 inaletsedwa m'ndege zambiri chifukwa inkapsa.

N'chifukwa chake mukakakwera ndege ku Lichinga, power bank simuiika m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege. Mumayenda nayo m'chikwama cha m'manja. Yosapitirira 100 Wh imaloledwa, ndipo ya 20,000 mAh ili ndi pafupifupi 74 Wh. Nzeru yake ndi yakuti batire likhale pamene maso akuliona, kuti likayamba kufuka utsi wina aone msanga.

Mwina mukuti, "Ine ndege sindinakwerepo, zindikhudza bwanji?" Taganizani: m'ndege muli antchito ophunzitsidwa ndiponso zozimitsira moto, komabe akuopa. Nanga inu asodzi, amene mumaika foni pafupi ndi chigubu cha petulo pakati pa nyanja usiku? Nanga inu amayi, m'nyumba ya udzu, ana ali m'tulo?

Ndikudziwa kuti ndalama ya batire latsopano siipezeka wamba. Koma denga likapsa, neti ikasungunukira pa khungu la mwana, mtengo wake udzaposa pamenepo.

Choncho chitani izi:

1. Tchajani foni pansi pa simenti kapena pa dothi louma, kutali ndi matiresi, neti ndi petulo.
2. Musasiye foni kapena power bank padzuwa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.
3. Batire likatupa, lekani kuligwiritsa ntchito. Musaliboole, musalimange ndi mphira, musaliponye pamoto kapena m'nyanja, ndipo ana asaseweretse.
4. Likayamba kufuka, tulutsani ana, zimitsani magetsi, thiranipo madzi ambiri muli chapatali, ndipo musapume utsiwo.

Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Phimbani ndi nsalu yoyera, kenako thamangirani naye kuchipatala.

Usiku uno, musanagone, chotsani foniyo kumutu. Muuzeninso mnansi wanu, chifukwa moto wa kwa iye ukafika padenga, sudzafunsa kuti malire ali pati.