Bafa lachikale lisadye ndalama za mwana wa mlimi

Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amatsikira ku mzinda wa Tete kukafuna sukulu kapena ntchito. Ambiri amapeza chipinda cha lendi. Ena amalowa m'nyumba zakale za pakati pa mzinda, zomangidwa nthawi ya Apwitikizi, momwe mukadali banheira, bafa lija lalitali lachitsulo losambiramo munthu atakhala pansi.

Nyumba zimenezi zili ndi mbiri yake. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba za lendi zakhala za boma, ndipo bungwe la APIE linayamba kuziyang'anira. Kuyambira 1991 boma linalola okhalamo kuzigula. Malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa ndi kampani ya Vale mu 2011, lendi inakwera kwambiri mu Tete. Koma mabafa ena ndi omwe aja a zaka zoposa 50.

Bafa lotere ndi chitsulo chokutidwa ndi utoto wolimba ngati galasi, wootchedwa pamoto ku fakitale. Utotowo ukaperepeseka, madzi amafika pa chitsulo ndipo dzimbiri limayamba. Kukwecha ndi mchenga kumangowonjezera bala. Penti wamba wa zitseko sachedwa kusupuka. Kukonza kwenikweni kumafuna kupala dzimbiri lonse, kuumitsa bafa, kupaka penti wapadera wosakaniza zitini ziwiri, mawindo ali otsegula, kenako kudikira masiku angapo osathiramo madzi. Ntchito imeneyi si yotchipa.

Nanga alipire ndani? Mkangano umabuka tsiku lotuluka, mwininyumba akamakana kubweza ndalama ya chikole ponena kuti mlendo waononga bafa.

Lamulo la dziko lino, Código Civil, ndime 1043, likunena kuti wobwereka nyumba aibweze monga anailandirira, kupatula kutha kobwera ndi kuigwiritsa ntchito mosamala. Choncho dzimbiri la ukalamba ndi la mwininyumba. Iye ndiye amalandira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo bafa lidzatsala lake mlendo akachoka. Koma ndime yomweyo ili ndi msampha. Ngati palibe chikalata chofotokoza mmene nyumba inalili tsiku lolowa, lamulo limatenga ngati kuti inaperekedwa ili bwino. Apa ndiye pamagwera mwana wa mlimi amene anangogwirana chanza ndi mwininyumba.

Eni nyumba nawo ali ndi chodandaula. Alipo alendo amene amatsukira miphika m'bafa kapena kugwetseramo chitsulo mpaka utoto kusweka. Woteroyo alipire ndithu, pakuti kumeneko si kukalamba kwa bafa ayi.

Safunsa anadya phula. Makolo amene agulitsa mbatatesi kapena fodya kuti mwana apeze pogona amuuze kuti asapereke ndalama asanaone bafa, mipope ndi chimbudzi. Chilema chilichonse chilembedwe papepala, achijambule ndi foni, onse awiri asainire pamaso pa mboni, monga mlembi wa bairro. Ndipo mlendo asapake penti popanda chilolezo cholembedwa, chifukwa penti akasupuka mlandu udzakhala wake. Pepala limodzi lotere litha kupulumutsa ndalama za munda wa chaka chonse.