Mphoto ya wosewera si ya timu

Chaka chilichonse mwezi wa Malichi, ligi ya Atlantic Coast Conference, momwe mumasewera matimu a basiketibolo a mayunivesite akuluakulu a ku America monga Duke, North Carolina ndi Virginia, imasankha wosewera amene waposa anzake onse. Mwambowu unayamba mu 1954 ndi Dickie Hemric wa ku Wake Forest, ndipo pamndandanda wa oilandira pali Michael Jordan, Tim Duncan, komanso David Thompson ndi Ralph Sampson omwe aliyense anaitenga katatu. Koma chaka chomwe chinavuta ndi 2013, pomwe atolankhani ndi makochi anasemphana. Atolankhani anasankha Erick Green wa Virginia Tech, timu yomwe inathera kumchira itapambana masewero 4 okha mwa 18 a mu ligi. Makochi, omwe chaka chomwecho anayamba kupereka mphoto yawoyawo, anasankha Shane Larkin wa Miami, timu yomwe inatenga ukatswiri. Amene anaona bwino ndi atolankhani.

Green ankagoletsa mapointi 25 pa gemu, ndipo m'dziko lonselo panalibe wosewera wa m'mayunivesite akuluakulu womuposa. Mu ligiyi zoterezi zinali zitachitika komaliza mu 1957. Chofunika kwambiri ndi momwe ankawapezera mapointiwo. Kochi aliyense wokumana ndi Virginia Tech ankadziwa kuti mpira uthera m'manja mwa ndani, choncho Green akangodutsa mzere wapakati ankapeza omutchinga akumudikirira, wina kutsogolo, wina atakonzeka kudzathandiza. Komabe mipira yomwe ankaponya, pafupifupi theka inkalowa. Larkin anali wosewera wanzeru, wodziwa kugawa mpira, koma ankasewera pakati pa akuluakulu okhwima amene kochi Jim Larrañaga anawalumikiza bwino. Omutchinga akamuunjirira, iye ankangopatsira mnzake yemwe watsala yekha. Green analibe mwayi umenewo.

Otsutsa amati masewero ndi kupambana, ndipo wosewera wabwino amakweza anzake. Amatinso pa timu yofooka n'kosavuta kudzikundikira mapointi, poti palibe wina woponya. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mutu, chifukwa alipodi osewera amene amaponya mwachisawawa, n'kudzaza mapointi timu ikumira. Koma wotereyu amadziwika ndi kuchuluka kwa mipira yomwe waphonya, ndipo apa Green mlandu sukumukhudza. Mfundo yoyamba ija ndiyo yosokeretsa. M'bwalo mumalowa anthu asanu mbali iliyonse, ndipo wosewera sasankha anzake anayiwo. Amawasankha ndi kochi ndi yunivesite. Kumumana mphoto chifukwa anzake akuperewera ndi kumulanga pa ntchito ya anthu ena. Komanso kupambana kuli kale ndi mphoto yake: Miami inanyamula chikho, Larrañaga anasankhidwa kukhala kochi wopambana, ndipo palibe anadandaula. Ngati mphoto ya wosewera nayonso izingolondola timu yapamwamba, ndiye kuvota n'kwa chiyani? Kungoyang'ana tebulo la ligi n'kokwanira.

Makochi samavota ndi maso oyera monga ambiri amaganizira. Ntchito yawo imasungika kapena kutha chifukwa cha zotsatira, motero n'zosadabwitsa kuti amakonda mnyamata amene wapambanitsa timu. Ena amaloza kuti pamene matimu a ligi ya akatswiri ya NBA ankasankha osewera atsopano, Larkin anatengedwa m'chigawo choyamba pomwe Green anadikira chachiwiri, koma mphotoyi siyolosera za mawa, imaweruza nyengo yomwe yangotha. Ligiyi inachitapo kale chilungamo chotere mu 1986, pomwe Len Bias anaitenga ngakhale timu yake ya Maryland inagonja masewero ambiri a mu ligi kuposa omwe inapambana, ndipo palibe amene amati analakwitsa omusankha. Ovota a lero, omwe kawirikawiri maso awo amathamangira ku Duke, aziyamba aona dzina lolembedwa pa mphotoyo. Ndi la wosewera, si la timu.