Kufufuza Apolisi Sikunyoza Boma

Pa 24 Sepitembala 2011 Robert Chasowa, wophunzira pa Polytechnic mu mzinda wa Blantyre, anapezeka atafa, ndipo apolisi analengeza kuti anadzipha yekha. Koma m'chaka cha 2012 bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, litamva mboni linapeza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Pakadapanda bungwelo, bodza likadasanduka mbiri.

Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Kufufuza kumachotsa yowolayo kuti apolisi okhulupirika asanunkhe nayo limodzi. Mlimi wa kwa Kaduya ku Phalombe akaona wapolisi wolakwa akuyankha mlandu poyera, sadzaopa kukanena mbala kupolisi. Koma lipoti likangogona m'kabati, olakwa osaweruzidwa, mlimiyo adzayamba kuweruza yekha ndi chibonga.