Chisoti Ndi cha Mutu, Si cha Wapolisi

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji adaonapo mwambo wina wodabwitsa. Mnyamata wa kabaza amanyamuka pa Mpingu chisoti chake, chimene ambiri amati helemeti, chili lende pa chiwongolero cha njinga yamoto. Akangomva kuti apolisi aima kutsogolo amachivala mwachangu, lamba osamanga, ndipo akawapitirira amachivulanso. Wokwera kumbuyo ndiye sitinena: mayi ali ndi mwana kumsana, kumutu kuli duku lokha. Mchitidwe umenewu ndiwo ndikuutsutsa, pamodzi ndi onse amene amauikira kumbuyo.

Malamulo a pamsewu a dziko lino, amene tsinde lake ndi lamulo la m'chaka cha 1997, sabisa mawu. Woyendetsa ndi wokwera, onse awiri, ayenera kuvala chisoti, ndipo wophwanya lamuloli amalipitsidwa chindapusa. Tsono lamulo lilipo. Chimene chasowa ndi kukhulupirira kuti adalilembera ife.

Tamvani zifukwa zimene anthu amapereka. Wina amati, "Ndi pafupi pomwepa." Wina amati misewu ya ku Nambuma ndi ya fumbi, njinga siithamanga. Enanso amadandaula kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kapena kuti chisoti chiwononga tsitsi limene angomangitsa kumene, kapenanso kuti sangavale chinthu chodzaza thukuta la anthu ena. Chomalizachi ndi chomveka ndithu, koma mankhwala ake ndi sopo ndi kansalu koyala m'kati. Zinazo nzopanda mutu. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo mbuzi yodumpha msewu siifunsa ngati ulendo wanu ndi wautali. Munthu wogwa pa njinga, ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono, akamenyetsa mutu pa mwala ubongo wake umagunda chigaza ndi kuyamba kutupa kapena kukha magazi m'kati, pomwe kunja kukuoneka kabala kakang'ono. Fupa la mwendo likathyoka limalumikizana. Ubongo ukawonongeka kawirikawiri subwerera mwakale, ndipo mnyamata amene ankadyetsa banja amasanduka wodyetsedwa ndi kusambitsidwa.

Taganiziraninso mtunda. Chipatala cha Kabudula ndi cha St Gabriel ku Namitete zimathandiza anthu ambiri, koma wovulala kwambiri m'mutu ayenera kutumizidwa ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe, kumene kuli madokotala ong'amba mutu. Pamene abale akufunafuna galimoto, magazi aja sakudikira. Kafukufuku amene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lakhala likumutchula adapeza kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100 alionse, ndipo kuvulala m'mutu ndi magawo 69. Mawu akuti "bwino" ndi ofunika. Chisoti chosamanga lamba chimauluka mwini wake asanafike pansi, ndipo chipewa cha amisiri omanga nyumba, chimene ena amanamizira nacho, sadachipangire ngozi ya pamsewu.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene sindingaipeputse. Iwo amati chindapusa chimagwera amphawi. Anyamata ambiri a kabaza njinga si zawo; mwini wake amafuna ndalama yake madzulo alionse, kaya kwayenda kaya sikudayende. Mnyamata akalipitsidwa kapena njinga ikagwidwa, ana ake agona ndi njala. Izi nzoona. Koma yankho lake si kuchotsa chilango ayi. Yankho ndi kuchilozetsa kumene chiyenera. Munthu amene adakwanitsa kugula Lifo kapena King Lion sangalephere kugula zisoti ziwiri, ndipo njinga yake ikapezeka ikunyamula anthu popanda zisotizo, woyamba kuyankha mlandu akhale iyeyo.

Chinanso, chilango chikhale cha tsiku ndi tsiku, chodziwika mtengo wake, ndi cholembedwa pa risiti. Kusesa njinga mwa apo ndi apo, kenaka n'kukhala miyezi yambiri zii, kumaphunzitsa anyamata kuzemba m'tinjira ta m'minda. Nacho "chindapusa" cholowa m'thumba la munthu chimawaphunzitsa kuti lamulo limagulidwa.

Amene amati anthu athu sangasinthe akaone ku Kigali, likulu la dziko la Rwanda, kumene woyendetsa njinga yonyamula anthu amayenda ndi zisoti ziwiri, ndipo wokwera amavala chake asanakhale pa mpando. Ku Vietnam nakonso, lamulo lokakamiza aliyense litayamba kugwira ntchito mu Disembala 2007, misewu idadzaza zisoti m'masiku ochepa.

Kuno kwathu sitiyenera kudikira apolisi pa chilichonse. Malo oimikira njinga a pa Nsaru ndi pa Namitete ali ndi atsogoleri awo amene amadziwa mnyamata aliyense ndi dzina, ndipo angathe kuchotsa pa mzere wobwera ndi chisoti chimodzi. Inunso ophunzira, amene mumakwera njingazi potsegulira sukulu, chikwama pamsana ndi ndowa m'manja, ndalama ndi yanu. Funsani chisoti chachiwiri, ndipo chikasowa itanani njinga yotsatira.