Ophunzira za Luso Apite ku Chintheche

Wophunzira za luso lojambula ndi kusema pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba akafika chaka chomaliza, amafunika kulemba ndondomeko ya kafukufuku wake. Nkosayenera kuti mutu autole m'mabuku a ku Ulaya pamene ku Chintheche kuli amisiri osema mabwato, ovina malipenga odzikonzera okha zoimbira za zikho, ndiponso tchalitchi chakale cha ku Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881.

Ndondomekoyo ikhale ndi funso lomveka: kodi mmisiri adzasema chiyani mitengo ikuluikulu ikadzatha? Itchulenso mudzi, miyezi yokakhala kumeneko, ndalama za ulendo, ndi womasulira Chitonga, pakuti nkhalamba zodziwa ntchitoyi zimaifotokoza bwino m'chinenero chao. Aphunzitsi asavomereze ndondomeko yopanda zimenezi.