CISOMO SICIGULITSIDWA PA KANTEMBA

Inu acinyamata a m'magulu a mpingo ku Chongwe, ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa, ndikufunseni funso limodzi: kodi Mulungu anatsegula liti kantemba?

Ndifunsa motere cifukwa alipo anthu odzicha aneneri amene agulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo. Mtsikana wa Giredi 12 amuuza kuti abzale "mbewu" ya ndalama kuti akhoze mayeso. Mnyamata wosowa nchito amuuza kuti dalitso lake lamangidwa kufikira atabweretsa envulopu. Mnyamatayo wagwira ganyu sabata lonse pa famu, kapena wagona pa mabokosi a tomato ku Soweto Market. Ndalama zonse azisiya kutsogolo kwa mneneri, nabwerera kunyumba alibe ndi ya unga yomwe. Zinthu zikakanika, amuuza kuti cikhulupiriro cake ncocepa. Uku ndi kuba kawiri: amlanda ndalama, amlandanso mtendere wa mumtima.

Malonda amenewa si atsopano ai. Tsegulani Macitidwe 8. Simoni wa ku Samariya anaturutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa anthu Mzimu Woyera, ndipo Petro anamdzudzula kolimba, namuuza kuti alape. Tsegulani 2 Mafumu 5. Namani atacira khate, Elisa anakana mphatso zake zonse. Gehazi ndiye anathamangira siliva ndi zobvala, ndipo khate lija linagwera iye.

M'caka ca 1517 Johann Tetzel anali kuyenda m'dziko la Germany kugulitsa zikalata zocotsera anthu cilango ca macimo. Martin Luther analemba mfundo 95 zotsutsa malondawo. M'caka ca 1567 Papa Pius V analetsa kuti zikalata zotere ziziperekedwa posinthana ndi ndalama. Ndipo pa 31 October 1999, mu mzinda wa Augsburg, Akatolika ndi Alutheran anasaina cikalata cimodzi cobvomereza kuti munthu apulumuka mwa cisomo, mwa kukhulupirira Kristu, osati cifukwa ca kuyenera kwake. Nanga ife tibwezeretse malonda amene akulu athu anawataya kale?

Inu ana a alimi mudziwa bwino za mvula. M'caka ca 2024 cimanga cinauma m'minda, kufikira boma linalengeza cilala cija kukhala tsoka la dziko lonse. Kodi alipo wacuma amene anagula mtambo? Ngakhale pa mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, mfumu yaikulu Nkomeshya sipita ndi cikwama kukagula mvula. Icita kupempha. Cisomo ciri cimodzimodzi: cicokera kumwamba, cigwera wosauka ndi wolemera, ndipo palibe anganene kuti ndacilipira ndine. Mtengo wake unaperekedwa kale pa Gologota, ndipo amene analipira si inu kapena mneneri.

Wina anena, "Tsono tileke kupereka copereka? Tizicimwa momwe tifunira, popeza cisomo ncaulere?" Iai, m'bale wanga. Paulo anayankha kale funso limeneli pa Aroma 6. Werenganinso Aefeso 2:8-10 ndipo musaimire pa ndime 9. Nchito zabwino sizigula cipulumutso, koma wopulumutsidwa azicita. Mlimi sagula mvula, koma ikagwa sagona m'nyumba: atenga khasu. Wolandira cisomo apereka ku mpingo mokondwera, akatungira madzi agogo a pafupi, akhala pansi nawerenga mabuku ake a sukulu. Acita izi pothokoza, osati polipira ngongole.

Cifukwa cake, mukamva mlaliki akuchula mtengo wa pemphero, nyamukani, turukani. Musacite mantha ndi matemberero ake. Ngati munataya kale ndalama zanu kumeneko, musabisale ndi manyazi. Kambani ndi abusa kapena akulu a mpingo wanu. Ndipo iwe amene uganiza kuti wacimwa kwambiri kotero kuti Mulungu sangakulandire wopanda kanthu m'manja, kumbukira wacifwamba uja wa pa mtanda. Manja ake anali okhomedwa, analibe copereka, analibe nthawi yokonza mbiri yake. Anangopempha, ndipo Yesu anamlandira tsiku lomwelo.

Pa msonkhano wa gulu lanu sabata lino, werengani Macitidwe 8:9-24, ndipo mufunsane moona: ndani pakati pathu akali kuyesa kugula cimene Atate apereka kwaulere?